Waya amene ndinadula pa injini ya a Mpofu

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinadula waya wa alamu pa injini ya boti la a Mpofu, ndipo mpaka lero nkhaniyi ikandibwerera ndimapsa mtima ngati yachitika dzulo.

Tinkakhala ku Iminyela, mumzinda wa Bulawayo, m'nyumba imene anasiya agogo anga aamuna, amene anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito ya njanji. Ababa anthu ankawadziwa ndi dzina loti Phiri wa maboti. Alendo ankaseka akamva dzinali, chifukwa ku Bulawayo kulibe nyanja, ndipo ngakhale madzi a pampope amatha masiku angapo osatuluka. Koma maboti alipo. Eni ake amawasunga m'magalaja kumayadi, Loweruka n'kuwakoka pa thirela kupita ku madamu a kunja kwa tauni, ena mpaka ku Binga, kumene kuli nyanja yaikulu, nthawi ya tchuthi. Ababa anaphunzira injini zimenezi ku Binga komweko ali mnyamata, m'maboti a asodzi a kapenta, ndipo atabwerera kwathu anatsegula ntchito yawo kuseri kwa nyumba.

Kuseriko kunali chitsulo chachitali chopachikapo injini, ndi mgolo waukulu wodula kumutu wodzaza madzi. Injini ya boti imadzizizira ndi madzi amene ikuyendamo, choncho ukafuna kuiyesa pamtunda umamiza mwendo wake mumgolo. Pabwalo pathu pankanunkha petulo wosakaniza ndi oyilo, ndipo Ababa akailiza injini utsi wobiriwira unkalowa mpaka m'zovala zimene anthu oyandikana nafe anayanika. Achimwene anga awiri analibe nazo chidwi, anangokula n'kupita ku Joni. Ine ndi amene ndinakakamira kuseriko. Pofika zaka khumi ndi ziwiri ndinkatha kusintha mapulagi, kutsuka kabureta, ndiponso kulumikiza mawaya bwino kuposa anyamata ena amene Ababa anayesapo kuwaphunzitsa.

Ababa sanali munthu wolankhula zambiri, koma pa injini anali ndi ndondomeko imene ankaibwereza mpaka inandilowa m'mutu. Injini ikakana kulira, usathamangire sipanala. Yamba waona ngati kachingwe kofiira kozimitsira kali m'malo mwake, ngati giya ili pakati, ndiponso ngati kabowo ka mpweya pa chivindikiro cha thanki n'kotsegula. Ankati theka la anthu amene amabwera akulira kuti injini yafa amakhala atangoiwala kumasula kabowo kameneka. Kenako nunkhiza petulo, chifukwa petulo wogona miyezi m'thanki, kapena wogula m'zigubu m'mbali mwa msewu, amakhala ndi madzi. Kenako yang'ana moto pa mapulagi. Ndipo ikalira, usayang'ane kwina kulikonse usanaone kamadzi kotuluka kumbuyo kwake. Ababa ankati injini iyenera kukodza. Ikapanda kukodza, zimitsa nthawi yomweyo, chifukwa ndiye kuti impela, kampira kamapiko kamene kamapopa madzi ozizitsa, sikakugwira ntchito. Zonsezi ndinkazidziwa. Ndikunena izi dala, kuti wina asaganize kuti ndinalakwa chifukwa chosadziwa.

A Mpofu anali ndi makombi angapo, maminibasi oyenda njira ya ku Lobengula, ndipo boti lawo loyera anali atangoligula chaka chomwecho. Anali munthu wamtali, wonunkhira mafuta odula, wokonda kulankhula atayang'ana foni. Ababa ankawatchula kuti Baba Mpofu, koma iwo ankangoti Phiri, ngati akuitana kondakitala wawo.

Linali Lachisanu masana, m'tchuthi cha Disembala, mvula itachedwa ndipo dzuwa likuotcha malata. Ababa anali atapita kumaliro a mkulu wa mpingo wathu ku Magwegwe, Amayi anali kumsika. Madzi anali asanatuluke masiku anayi, ndipo mgolo wathu unali wouma chifukwa Ababa anali atataya madzi akudawo poyembekezera kuthiramo ena. Ndikusesa pakhonde, ndinangomva hutala pageti. Anali a Mpofu ndi pikapu yawo, boti lili kumbuyo, ndipo m'botimo munali mwana wawo wamwamuna, Thabani, wa zaka ngati khumi, akuseweretsa chiwongolero.

Anandiuza kuti alamu ya injini ikuwasowetsa mtendere. Akangowonjezera liwiro pang'ono, imayamba kulira mpaka anthu osamvana. Mawa lake linali tsiku lobadwa la Thabani, anali ataitana abale kuti akayende pa boti kudamu, ndipo sankafuna phokoso limenelo. Ndinawayankha monga Ababa akanayankhira, kuti alamu imalira pa zifukwa ziwiri, oyilo akachepa kapena injini ikatentha, ndipo ndinawapempha kuti abwere Ababa akabwerako. Anati alibe nthawi. Ndinakwera pa thirela n'kuyang'ana thanki ya oyilo, inali yodzaza. Ndinawauza kuti ndiye kuti ndi kutentha, ndipo popanda madzi mumgolo sindingathe kuiyesa.

Apa m'pamene anaika foni m'thumba n'kundiyang'ana bwinobwino. Anati injiniyo inalibe vuto, mnzawo wodziwa zinthu anawauza kuti kachipangizo ka alamuko ndiye kowonongeka, ndipo chofunika n'kungodula waya mmodzi. Anati m'tauni monse anthu akunena kuti mwana wamkazi wa Phiri waposa bambo ake. Mawu amenewo anandikoma, sindikana. Koma ndinapukusabe mutu. Ndiye anaseka, n'kunena m'Chindebele chosakaniza ndi Chingerezi:

"Kani anthu amangonama. Iwe ntchito yako ndi yongopatsira masipanala basi, ntombazane, kamtsikana iwe."

Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga pulayala ndi tepi yakuda. Ndinachotsa chivindikiro cha injini, ndinamutsatira waya wochokera kumutu kwa injini kumene kumamvera kutentha, n'kumudula. Nsonga zonse ziwiri ndinazikulunga bwinobwino, katatu, n'kupinda kumapeto kwa tepi monga Ababa anandiphunzitsira. A Mpofu anandisisita pamutu, n'kundiuza kuti palibe chifukwa chovutitsira mdala ndi kanthu kakang'ono ngati kameneka. Pochoka, Thabani anandibayibitsa ali m'botimo. Madzulo Ababa atabwera anandifunsa ngati kunabwera munthu, ine ndinati ayi.

Lamlungu tikuchokera kutchalitchi tinapeza pikapu ija pageti, anthu atayamba kale kusonkhana. A Mpofu sanadikire kuti tifike. Anayamba kukalipa tili patali, ndipo nkhani yonse tinaimva pamodzi ndi msewu wonse. Dzulo lake injini inazima pakati pa damu, m'boti muli anthu asanu ndi atatu. Inatulutsa utsi, n'kuuma gwa, osatembenukanso. Analibe nkhafi. Chingwe cha nangula chinali chachifupi, sichinafike pansi. Foni sinkagwira. Mphepo inawakankha kwa maola atatu padzuwa, ana akulira, mpaka Thabani, amene ankadziona ngati wodziwa kusambira, analumphira m'madzi ndi chingwe m'manja kuti akokere boti kumtunda. Sanavale jekete loyandamitsa, chifukwa majekete anatsala m'galaja. Anamira kawiri. Anamuvuula ndi msodzi wina amene anali pafupi ndi kabwato kake, ndipo mwanayo anagona kuchipatala.

A Mpofu ankaloza Ababa ndi kiyi wa galimoto. Anati Phiri anagwira injiniyi miyezi iwiri yapitayo, ndiye taonani zimene wachita. Anati aManyasarandi, kutanthauza ife a mtundu wochokera kwawo kwa agogo, ndi choncho, amadziwa kulima m'minda ya anthu basi, koma akufuna kudzionetsa ngati mainjiniya. Ababa anabadwira m'chipatala cha mumzinda womwewu, koma anangoima pamenepo atavala jekete lawo la kutchalitchi, Baibulo lili m'khwapa. Anapatsa Amayi Baibulolo, anakwera pa thirela, n'kutsegula injini. Fungo la penti wopserera linafika mpaka pamene ndinaima. Anayang'ana kanthawi, kenako ndinaona chala chawo chikukhudza tepi ija. Anaitembenuza, anaona mapindidwe ake, n'kudzutsa mutu kundiyang'ana.

Ine ndinayang'ana a Mpofu. Ndinkadikira kuti anene kuti ndi iwo anandituma. Maso awo anadutsa pa ine ngati akudutsa pa mtengo wa magetsi. Ababa anangowauza kuti alisiye botilo, ndipo iwo anamasula thirela n'kuchoka akutukwanabe.

Anthu atabalalika, Ababa ananditengera kuseri. Sanandimenye. Kunena zoona ndikanakonda akanandimenya, chifukwa ndinali ndisanawamvepo akukweza mawu, ndipo tsiku limenelo anakuwa mpaka mitsempha ya m'khosi inaonekera. Chindebele chonse chinawathawa, anatsala ndi Chichewa chokhachokha cha agogo.

"Esinati, waya uyu unamudula chifukwa chiyani?"

"Anandiuza ndi a Mpofu."

"Sindinafunse amene anakuuza. Alamu ikamalira oyilo ali wodzaza, ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti injini ikutentha."

"Unkadziwa?"

Ndinati eya. Anandifunsa ngati ndinamuona mwana uja m'boti Lachisanu. Ndinati eya. Anatembenuka n'kumenya mgolo wouma uja ndi chikhatho, unalira ngati ng'oma, ndipo Amayi anatuluka m'nyumba akuthamanga. Kenako anandiuza chilango changa. Injiniyo ndiimasule ndekha, chidutswa chilichonse ndichiike pa thumba, ndipo ndisawafunse kanthu mpaka nditapeza chimene chinaipha.

Inanditengera sabata yathunthu. Anzanga ankadutsa pamsewu kupita kokasewera, ine ndili chogwada pa simenti yotentha, zala zitang'ambika ndi mabawuti ouma. Ndinkalira, koma sikunali kulira kwa chisoni. Ndinali nditakwiyira a Mpofu, ndinali nditakwiyira Ababa amene ankadutsa pafupi nane osandiyang'ana, ndinakwiyira ngakhale a khonsolo chifukwa chotseka madzi. Nditatsegula mutu wa injini ndinapeza pisitoni imodzi itakalika mizere yakuya, mbali ina itasungunuka n'kumatirira kukhoma. Ndinaigwira m'manja nthawi yaitali. Chitsulo cholimba chotero sichisungunuka mwadzidzidzi. Chinatentha pang'onopang'ono, ndipo nthawi yonseyo chinthu chokhacho chimene chikanawauza anthu aja kuti azimitse chinali chitakulungidwa ndi tepi yanga.

Lachisanu ndinamasula mwendo wa injini n'kufika pa impela. Mwa mapiko ake asanu ndi limodzi panatsala awiri okha, ndipo nawonso anali opserera m'mphepete. Tizidutswa ta mphira tinali titatseka kapayipi kokwezera madzi. Impela imeneyi Ababa anaiika yatsopano miyezi iwiri m'mbuyomo, ine ndikuwagwirira nyali. Impela yatsopano sipsa chotero m'madzi. Imapsa munthu akailiza injini pouma, ngakhale kwa mphindi imodzi yokha. Ndipo tonse tinkadziwa khalidwe la a Mpofu, loti alendo akabwera kwawo ankakonda kuiliza injini ili pa thirela kuti amve mkokomo wake. Ababa anali atawachenjezapo kawiri ine ndikumva.

Ndinathamanga nayo kwa Ababa ngati ndatola golide. Ndinkaganiza kuti mlandu wanga watha. Iwo anaiyang'ana, anagwedeza mutu, anaiika m'kapepala ka pulasitiki, n'kundiuza kuti ndisambe chifukwa mawa tikupita kwa a Mpofu, ndipo ndikanena ndi pakamwa panga zimene ndinachita.

Tinakwera makombi awiri. Nyumba yawo inali ndi kapinga wobiriwira ngakhale tauni yonse inali pa ludzu. Anatilandira pakhonde, osatipatsa mpando, mpaka akazi awo, MaNdlovu, anatuluka n'kutiuza kuti tikhale. Ndinaimirira, manja kumbuyo, n'kunena kuti ndine ndinadula waya wa alamu Lachisanu lija Ababa kulibe, kuti ndinkadziwa tanthauzo la alamuyo, ndipo ndikupepesa chifukwa cha zimene zinamuchitikira Thabani. Ndinawonjezera kuti ndinadula chifukwa Baba Mpofu anandiuza kutero.

A Mpofu anaseka pang'ono, n'kuuza akazi awo kuti mwanayu akunama. Anati iwo anangodutsa kuti aonetse botilo, anapita kukagula madzi akumwa pashopu, ndipo sankadziwa kuti kamtsikanaka kagwiragwira mawaya. Anati munthu wamkulu ngati iwo angatume bwanji mwana wa sukulu kuti akonze injini.

Sindikudziwa kumene ndinatenga mphamvu. Ndinakuwa m'Chindebele, pakhonde la eni ake, kuti ndi abodza, kuti anaima pafupi nane n'kundisisita pamutu, ndipo mwana wawo anaona zonse. Thabani anali ataima pakhomo, wowonda kuposa mmene ndinamuonera, akutsokomola. Anatsegula pakamwa kuti alankhule, koma bambo ake anamukalipira kuti alowe m'nyumba. MaNdlovu anayang'ana mwanayo, kenako anayang'ana amuna awo. Ine ndinkafuna kupitiriza, koma Ababa anandigwira paphewa.

"Khala chete, Esinati. Wanena zako, zakwana."

Kenako anatulutsa kapepala kaja n'kukhuthulira impela patebulo, patsogolo pa MaNdlovu, osati pa amuna awo. Analankhula motsitsa mawu. Anati waya anadulidwa ndi dzanja la m'nyumba mwawo, choncho injiniyo aikonza iwo mpaka ibwerere mwakale. Koma ichi, anatero akuloza mphira wopsererayo, si ntchito ya mwana wanga, ichi chimachitika injini ikalizidwa popanda madzi. Anawauza MaNdlovu kuti asadzalolenso mwana kukwera boti lopanda majekete, nkhafi ndi chingwe chokwanira, ngakhale injini itakhala yatsopano. Pomaliza anatembenukira kwa a Mpofu n'kuwauza kuti akadzatenga boti lawo asadzalibweretsenso pageti pathu.

Zinathera pomwepo. Palibe amene anapepesa kwa Ababa chifukwa cha mawu aja a pamsewu. M'kombi pobwerera ndinakhala moyang'ana pawindo. Titatsika ku Mpopoma kuti tiyende wapansi kotsalako, ndinalephera kupirira. Ndinawauza Ababa kuti amawaopa a Mpofu chifukwa ndi olemera, kuti ine anandikalipira mpaka msewu wonse unamva koma wabodza uja anamulankhula ngati akupempha mchere. Mwana wa kwathu salankhula choncho kwa bambo ake, ndipo ndinkayembekezera khofi. Iwo anangopitiriza kuyenda.

"Ndi wabodza, ndikudziwa," anatero. "Koma iye sadziwa chimene alamu imanena. Iwe unkadziwa. Ndipo iye si mwana wanga."

Yankho limeneli silinandikhutitse. Ndinakhala masabata awiri ndikungowayankha eya ndi ayi. Komabe injini ija tinaikonza limodzi, mwakachetechete. Waya ndinamulumikiza ndekha. Madzi anali asanabwerebe bwino, choncho mgolo ndinaudzaza ndi ndowa zochokera kumjigo wa kuseri kwa sukulu, ulendo ndi ulendo, mpaka khosi linauma. Titailiza, kamadzi kanatuluka kumbuyo mwamphamvu, ndipo Ababa anandiuza kuti ndiikepo dzanja ndimve ngati n'kofunda kapena kotentha. Anandionetsanso mmene ungayesere alamu ngati ili moyo usanapereke boti kwa mwini wake. Botilo anadzalitenga ndi dalaivala wa a Mpofu.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti bodza lawo linayenda. Kwa chaka chathunthu eni maboti ena anasiya kubwera kwathu, chifukwa kumadamu kunamveka kuti Phiri amasiyira kamtsikana injini za anthu. Ababa anayamba kukonza majenereta ndi makina otchetchera kapinga kuti tidye. Sanandinenepo ngakhale tsiku limodzi kuti ndine ndinawabweretsera zimenezo, ndipo sanandichotse kuseri kuja, ngakhale Amayi anawapempha kuti atero.

Lero ntchitoyi ndi yanga. Ababa maso anafooka, amakhala pampando pafupi ndi khomo n'kumamvetsera injini, ndipo nthawi zambiri amadziwa vuto ine ndisanatsegule chivindikiro. Eni maboti sanasinthe kwenikweni. Amabwerabe Lachisanu madzulo, ali pachangu, akufuna kuti chinthu chimene chikuwasokoneza chingokhala chete. Ena amayamba ndi kundiyamikira, ena amayamba ndi kundinyoza kuti mkazi angadziwe chiyani, ndipo ndinaphunzira kuti njira ziwirizi zimapita kumodzi. Ndimawauza kuti boti ligona pano mpaka nditaliyesa m'madzi, ndipo amene sakufuna atha kulikoka n'kupita nalo kwina.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti Ababa anandilakwira pondikalipira ine kuposa munthu amene anandinyengerera n'kundikana. Tsopano ndili ndi mwana wanga wa zaka khumi, ndipo ndikumvetsa kuti tsiku lija Ababa sankaweruza kuti wolakwa kwambiri ndani. Ankachita mantha. Anaona kuti anaphunzitsa mwana wawo zonse zokhudza injini, koma munthu mmodzi wa pakamwa pokoma anatha kumuchititsa chinthu chimene mwanayo ankadziwa kuti chingaphe munthu, ndipo anafuna kuti zimenezo zithere pa injini imodzi yomweyo. A Mpofu sindinawakhululukire, ndipo sindikuona chifukwa chowakhululukira. Koma pulayala ija anaigwira ndine.